Tepi ya Nangozo wa pa Mpopi

Lolemba

Tepi yafika! Mayi Phiri abwera nayo kuchokera ku Lilongwe. Pa eyapoti awalanda usipa ndi nyemba, koma tepi yadutsa. Mulungu ngwabwino.

M'menemu muli sewero langa la pa TV. Poyamba ndinali kamunthu kapambali m'sewero lina la alendi, mayi wolondera mpopi, wotulukira kamodzi basi. Anthu anandikonda mpaka akuluakulu anandipatsa langalanga: Nangozo wa pa Mpopi. Ine ndemwe lero ndimasambitsa nkhalamba kunyumba ya okalamba ku Nedlands, kuno ku Australia!

Mwana wanga Tadala sakhulupirira. Akuti wasaka pa intaneti, palibe. Wandiyankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse. Loweruka ndiitana anthu tidzaonere, aona yekha.

Lachiwiri

Perth yense alibe makina oonetsera tepi. Mwansa, mnzanga wa ku Zambia kuntchito, akuti, "Ba sisita, ku Malaga kuli kamudala kamaika matepi pa fulashi." Malagayo ndi konkuno ku Perth, ndapita ndaisiya. Ndamuuza mkuluyo aigwire ngati dzira.

Zofunika Loweruka: mipando ya kutchalitchi, mandasi, chitenje chobiriwira chonga cha m'sewero, ndowa yachitsulo. Kuno ndowa zonse n'zapulasitiki. Dziko lolemera chonchi!

Lachitatu

Ndikusaka anzanga a m'sewero kuti atilonjere pa foni tsikulo. Amene ankakhala lanilodi anatisiya kale, mzimu wawo uuse mumtendere. Mtsikana wodumpha mzere uja anakwatiwa ku Joni, nambala sikulowa. Atsala a Chiwaya, mwamuna wanga wa m'sewero, chidakwa chogona mu ngalande sabata iliyonse. Pano ndi abusa. Ndawaimbira, akuti:

"Mayi, zakale zinapita. Akristu anga asadziwe."

Chabwino, abusa. Nyenyezi ndinali ine kale.

Lachinayi

Uthenga wafalikira pa gulu la amayi. Manesi a kuchipatala cha Murdoch akusinthana mashifiti kuti abwere. Ndikuyenda m'khonde la kuntchito mapewa m'mwamba.

Madzulo ndikuyeserera pa sinki mawu anga otchuka aja: "Ndowa pamzere, pakamwa potseka!" Mawu akadalimo. Tadala watseka chitseko cha kuchipinda kwake. Zandiwawa, sindinama. Mwanayu amandidziwa ndi yunifolomu ndi mapazi otupa basi.

Lachisanu

Ndatenga fulashi. Mkulu wa ku Malaga akumwetulira, akuti ukwati wokongola zedi. Eya, waionera! Tinali ndi gawo lija Nangozo akukwatitsa mphwake, madzi n'kutha tsiku laukwati. Mzungu amene wagoma.

Sindiionera pandekha. Chokoma amadyera pagulu.

Loweruka

Pabalaza padzaza, ana pansi, Tadala waima pakhomo manja m'thumba. Kanyimbo koyambira kalira. Mpopi uwo. Ndowa izo. Ine uyo, wowonda, ndikutsegula pakamwa...

Mizeremizere. Kenako mlamu wanga mu suti yoyera.

Anajambulirapo ukwati wawo! Tepi imodzi yokhayi, ndinawasungitsa ndi manja awiri! Sewero lonse lapita, kwatsala perekaniperekani mpaka kumapeto.

Ndikufuna nthaka inditsegukire. Amayi a pagulu aja alibe nazo ntchito, akulozerana achibale: "Si a Nasibeko awo? Ananenepa liti?" Mandasi akutha.

Ndikuti ndizimitse, MC wa pa ukwatipo akukuwa: "Tsopano alowe Nangozo!" Ndikulowa ndikuvina, holo yonse yaimirira, ana akwera pamipando, onse pamodzi: "Ndowa pamzere, pakamwa potseka!" Pambuyo panga malemu mayi anga akudziguguda pachifuwa, kuuza aliyense kuti ndi wanga ameneyo.

Tadala watulutsa manja m'thumba. Wabweza kanemayo pamenepo. Wabwezanso.

Lamulungu

Basi, sewero linapita. Mlamu ndamulembera uthenga wautali, ndaufufuta. Mipando ndabweza. A Chiwaya agone tulo, uchidakwa wawo wafufutika wonse.

Titaweruka kutchalitchi, anthu akukankhana pa tebulo la tiyi. Akuthira tiyi ndi Tadala. Ndangomva mawu okhotakhota a ku Australia: "Makapu pamzere, pakamwa potseka!" Wauza akulu a mpingo, tangoganizani!

Mayi Phiri akundiyang'ana kuti ndimudzudzule. Ndimudzudzula mawa. Lero ndatenga kapu yanga, ndaima pamzere.