Mawu Amene Ndinapeta pa Chofunda cha Mwana Wanga

Masiku ano ku Lirangwe ndimapitako pokhapokha kukagwa zovuta, ndipo ndikafika ndimakhala kumbuyo, chipewa nditachitsitsira kumaso. Kuli anthu kumeneko amene akandiona amaluma milomo kuti asaseke. Ena saseka, amangopukusa mitu, ndipo amenewo ndiye amandipweteka zedi.

Gwero lake ndi makina a malemu akazi anga, a Nambewe. Anali makina amagetsi opetera nsalu, amene achimwene awo anawatumizira kuchokera ku Joni. Si makina opalasa ndi mwendo a matelala apakhonde aja ayi. Awa umamanga nsalu pa kamkombero kapulasitiki, n'kusankha duwa pa kagalasi, n'kudina batani, basi singano imavina yokha iwe manja ali m'chiuno. A Nambewe anatchuka nawo ku Chileka kuno. Nsalu zapatebulo, zapamipando, zakutchalitchi, zonse zinkatuluka m'nyumba mwathu.

Chaka chimene anadwala n'kuti atayamba kusoka chofunda cha mwana wathu mmodzi yekhayo, Tiyamike. Anadula zitenje zawo zakale tizigamba tofanana n'kutilumikiza. Pakati anaikapo bulangete lopyapyala, pansi nsalu yoyera, zonse n'kuzigwiriza ndi mapini. Chimene chinatsala ndi kupeta maluwa pobowoza nsalu zitatu zonsezo kuti zigwirane. Anapeta pakona imodzi yokha, mphamvu n'kuwathera. Mwezi wa Juni tinawaika m'manda.

Patatha chaka, Tiyamike anapeza mnyamata wa ku Lirangwe dzina lake Yohane, ndipo anakonza kuti chinkhoswe chikachitikire m'holo ina kumeneko Loweruka. Kutatsala sabata, mayi Saidi, oyandikana nafe nyumba amene ankagulitsa nsalu ndipo ankakondana kwambiri ndi malemu, anabwera n'kukhala pakhonde.

"Bambo a Tiya, chofunda chija bwanji mundipatse ndimalize? Makinawo ndimawadziwako, anzanga aja anandiphunzitsa."

"Zikomo mayi, koma musavutike. Ndichimaliza ndekha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Inuyo?"

"Ineyo. Kodi si kungodina batani?"

(Muyenera kudziwa kuti ndagwira ntchito zaka zambiri yotchetcha udzu ku bwalo la ndege, ndi makina olira ngati njinga yamoto. Munthu wozolowera kuona ndege zikutera pafupi ndi mapazi ake, kachipangizo kapatebulo kangamuopse? Ndi mmene ndinkadziuzira. Koma chenicheni n'chakuti sindinkafuna kuti dzanja la munthu wina likhudze pamene panathera dzanja la a Nambewe. Zimenezi pakhonde paja sindikanatha kuzinena.)

Ndinapempha masiku atatu kuntchito. Lachitatu m'mawa ndinavundukula makina, n'kupukuta fumbi. Kulowetsa chofunda chokhuthala chija pa kamkombero kokha kunanditengera mpaka dzuwa pamutu, ndipo mapini awiri anandilowa m'chikhatho. Nditadina batani, singano inalowa kamodzi, kawiri, kenako thyo! Ndinaika ina, nayonso thyo! Yachitatu chidutswa chake chinandidutsa pafupi ndi diso. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mapini amayenera kuyamba achotsedwa pamalo pamene ukupetapo.

Lachinayi ndinakwera kabaza kukagula singano zina. Nditabwerako ntchito inayamba bwino, mpaka ndinayamba kuimba kamluzu. Koma chofunda chonse chinali chikulendewera pansi, ndipo kulemera kwake kunayamba kukoka makina pang'onopang'ono. Ndinawawakha ali m'mphepete mwa tebulo. Ndinaunjika chofunda chonse pamwamba patebulo n'kuyambiranso. Kenaka makina analira ngati mbuzi yokodwa chingwe n'kuima. Posuzumira kunsi ndinapeza ulusi utapotana chisa cha mpheta, ndipo m'chisamo munali ngodya ya nsalu yapatebulo, nditaisokera kumodzi ndi chofunda. Tsiku lonselo linathera kumasula, sizasi m'manja, ndikudzitukwana chamumtima. Magetsi nawo anathima, ngati akundimvera chisoni.

Lachisanu ndinadzuka nditatsimikiza. Vuto lotsala linali kupeza duwa lenilenilo limene a Nambewe anapeta pakona paja. Kagalasi kosankhira maluwa kanali katazilala, ndipo maso anga nawo ndi a munthu wopitirira zaka makumi asanu. Ndinkangoona manambala ndi timizeremizere. Ndiye ndinagwiritsa ntchito nzeru. Ndinati, chomaliza chimene malemu anapeta ndi duwa lomweli, choncho ndingosankha chimene makina akuonetsa kuti chinapetedwa komaliza. Ndinamanga kamkombero pakati penipeni pa chofunda, n'kuika ulusi wofiirira, n'kudina.

Inu, makina anayenda mokoma! Phokoso lake linali lomwe lija ndinkalimva madzulo ndikamaweruka kuntchito, a Nambewe ali chowerama, magalasi ali pamphuno. Ndinalephera kupirira, ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhope nditaibisa m'chipewa, mpaka m'nyumba munati zii.

Nditalowa, pakati pa chofunda panalibe duwa. Panali mizere iwiri ya zilembo zopetedwa bwino kwambiri, zoonekera ngakhale uli pakhomo: MUUSE MUMTENDERE.

Ndinakhala pansi. Ndinali nditaiwala. Sabata yomaliza imene a Nambewe anali ndi timphamvu, amayi a kumpingo anawapempha kuti awapetere nsalu yatsopano yofunditsa bokosi pamaliro. Anaipeta akutsokomola. Munthu woyamba kufunditsidwa nsalu imeneyo anali iwo omwe.

Ndinatenga lezala kuti ndisosole ulusi. Ulusi wa makina amenewa ndi wothinana ngati tsitsi. Lezala linaterereka n'kung'amba chigamba chobiriwira, cha chitenje chimene a Nambewe anaberekera Tiyamike potuluka kuchipatala. Ndinaliponya uko. Ndinathamangira kwa mayi Saidi, manyazi onse nditameza, koma ndinapeza loko pachitseko. Anali atapita ku Limbe kukaoda nsalu.

Ndiye ndinaganiza nzeru ina (mwaona kale mmene nzeru zanga zimathera). Ndinapinda chofunda mawu aja ali m'kati, n'kuchikulunga m'pepala, n'kumanga ndi chingwe. Ndinati ndikamupatsa mwana pambali mwambo ukatha, ndikamufotokozere pang'onopang'ono. Loweruka m'minibasi ya ku Lirangwe kondakitala anafuna kuchiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga, ine ndinakana, ndinachifukata pamiyendo njira yonse.

Sindinadziwe kuti alamu anga, achimwene a malemu, amene analinso ankhoswe a Tiyamike, anali atauza kale aliyense kuti kukubwera mphatso yochokera kwa mayi a mwana. Perekaniperekani ali m'kati, mayi woyendetsa mwambo anakweza mawu pa mayiki.

"Tsopano anthuni, khalani chete! Mayi anapita, koma manja awo anatsala. Bambo a mkwatibwi, bwerani nacho kutsogolo kuno!"

"Ayi mayi, ichi n'chokaonera kunyumba," ndinatero.

"Kunyumba kuti? Zabwino sabisa! Tiwaimbire m'manja bambowa!"

Holo yonse inawomba m'manja. Amayi awiri anandilanda phukusi, n'kudula chingwe, wina kugwira uku wina uko, n'kutambasula. Nthungululu zinayamba. Mayi wa mayiki uja anati, "Ee, mpaka pali uthenga! Tiyeni tiwerenge. Muuse mum..."

Anathera pomwepo. Nthungululu zinazima imodzimodzi, ngati mbaula yothiridwa madzi. Wazoimbira naye anatseka nyimbo. Kumbuyo wina anaphulika kuseka, mnzake n'kumutseka pakamwa. Azakhali a Yohane, mayi wamkulu thupi wovala duku lofiira, anaimirira.

"Ankhoswe, tatiuzani. Ana athuwa tikuwakwatitsa kapena tikuwaperekeza kumanda?"

Ndinkangoyang'ana nsapato zanga. Ndinamva Tiyamike akudzuka pampando. Anafika pachofunda paja, mawuwo sanawayang'ane n'komwe. Anayamba kusisita zigamba chimodzichimodzi.

"Ichi ankavala popita kumsika. Ichi ndi cha Khirisimasi ija ndinadwala malungo." Chala chake chinalowa pong'ambika paja. Anatembenuka. "Adadi, mwapeta nokha?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Masiku angati?"

"Atatu, mwanawe."

Anandikumbatira n'kuyamba kulira, ine n'kulira, alamu anga n'kulira, mwambo wonse n'kusanduka chimene mawu aja ankanena. Zinatenga abusa ndi nyimbo ziwiri kuti anthu akumbukire kuti abwerera chinkhoswe.

Ukwati unachitika ndithu, ndipo akukhala bwino. Chofunda chinakhala kwawo miyezi iwiri. Tsiku lina Yohane anafika nacho kwathu atachimanga panjinga, n'kukhala pansi mwaulemu, chipewa m'manja.

"Bambo, musandimve molakwa. Tiya amachikonda kwabasi. Koma ine ndikachifunda tulo sitibwera. Ndimangomva ngati anthu ayamba kale kusonkhana panja."

Mayi Saidi anazigamba pong'ambika paja, koma anati mawuwo akawasosola nsalu zakalezo zinyenyeka. Ndiye chili pabedi panga, kona imodzi ya maluwa, pakati uthenga wanga. Nyengo yozizira ndimachifunda, ndipo ndi chofunda chotentha bwino. Kungoti ndinawapempha mayi Saidi kuti tsiku limene adzaone chitseko changa chili chitsekere dzuwa litakwera, adzayambe agogoda kaye asanaitane anthu.