Thonje Pansi pa Kapeti

Mpaka lero ndikamva fungo la thonje lonyowa, mawondo anga amafuna kugwada okha. Zimene ndikuuzenizi n'zoona zokhazokha. Ndikhoza kulumbira nditagwira khadi langa la chipani la chaka chimenecho, lomwe ndikusungabe.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pamsika wa thonje kwa Kasisi. Akazi anga, amake Fanesi, anali atabwerera kwa makolo awo kwa Malemia, mwana ali kumsana. Mlandu unali woti ndinanena pamaso pa alendo kuti iwo sadziwa kuzira nyumba. (Ndinanenadi. Fumbi linalipo pang'ono, koma matenda enieni anali pakamwa panga.) Patatha miyezi itatu apongozi anatumiza uthenga: abwera okha kudzaona pamene mwana wawo amakhala. Akakhutira amusiya, akapanda kukhutira abwerera naye.

Munthu wanzeru akanapha nkhuku n'kuphunzira kupepesa. Ine ndinakwera basi ya ku Limbe kukagula kapeti wapulasitiki wamaluwamaluwa, wonga amene ndinamuona kunyumba kwa bwana wathu. Ndinkati nyumba ikakhala yosafuna kuzira, mkangano watha.

Mkulu wa m'sitolo anandilangiza bwinobwino. "Pansi pakhale posalala ndi pouma. Mukafuna yalani nyuzipepala, koma kamodzi kokha."

Kamodzi kokha, apongozi akubwera? Ndinayala nyuzipepala, nditayamba ndachotsa masamba onse okhala ndi chithunzi cha eni dziko (kupusa ndinali nako, koma moyo ndinkaufunabe). Nditaponda, panali polimba. Ndinawonjezera masaka. Polimbabe. Mphasa ziwiri zakale. Kenako satana anandikumbutsa za thonje lokanidwa pamsika, lakuda lija, la njere zake zomwe. Ndinathira matumba anayi n'kufunditsa kapeti pamwamba. Chitseko chinakana kutseguka, ndiye ndinachicheka m'munsi. Dzanja linapitirira, moti nkhuku inkalowa osawerama.

A Zuze, msodzi woyandikana nane nyumba, anabwera kudzaona. Anayenda mapazi atatu n'kugwira khoma.

"Achimwene, ine pa Shire sindichita chizungulire, koma muno ndachita. Nkhafi mwasunga kuti?"

Ndinangoti n'kaduka.

Mvula inagwa masiku awiri, chinyontho n'kukwera kuchokera pansi monga chimachitira kwathu kuno. Kenako linabwera dzuwa la ku Chikwawa, lija limawiritsa dzira nkhuku isanaikire. Kapeti anatupa ngati chitumbuwa. M'mbali mwa khoma thonje linamera. Ndikulumbira, m'mawa wa tsiku la alendolo ndinapalira pabalaza.

Anafika masana. Apongozi aamuna ndinawapatsa mpando wachitsulo, wamiyendo yowonda. Apongozi aakazi anakhala pansi pakona atatembenukira kukhoma, monga mwa mwambo, amake Fanesi pambali pawo. Ine ndinagwada kuti ndipereke moni. Mawondo anamira, mpweya wa pansi pa kapeti unathawira kukona ija n'kutuluka ndi phokoso lomwe sindingalembe pano. Fungo nalo linatsatira. Tonse tinayang'ana pansi. Apongozi aamuna anatsokomola mwamphamvu kuti abisire akazi awo manyazi pa mlandu umene sanapalamule.

"Mwaswera bwanji, bambo?" ndinatero.

"Taswera, mkamwini, kaya..."

Sanamalize. Miyendo yakumbuyo ya mpando inaboola kapeti, phu! Mkulu uja anayamba kumira chagada, pang'onopang'ono, mwaulemu, chipewa chili pabondo. Pabowolo panatuluka makoswe. Ndinawerenga asanu ndi atatu, ndipo womaliza anaima n'kundiyang'ana ngati amene akufunsa chifukwa chomutulutsira m'nyumba popanda chenjezo.

Mmodzi anakwera pamiyendo pa apongozi aakazi. Inu mukudziwa kuti mkamwini sayandikira apongozi aakazi; ngakhale chikho cha madzi sapatsana m'manja. Zaka zitatu ndinasunga lamulo limeneli osaphonya. Tsiku limenelo ndinadumpha pabalaza ponse n'kumenya ndi chikhatho, pha! pabondo penipeni pa apongozi. Khoswe ndinamuphonya.

Apongozi aamuna anadzizula pampando, anavala chipewa, n'kuthokoza m'Chisena chawo: "Takhuta, mkamwini." Kenako anawonjezera kuti, "Taona." Nkhuku imene ndinawaphera tsikulo sanailawe n'komwe.

Pamsewu, tikudikira basi, ndi pamene ndinaona sutikesi. Inali ya amake Fanesi, yodzaza, yomanga ndi chingwe.

"Nanga katunduyu?" ndinafunsa.

"Ndinabwera kudzakhala," anatero osandiyang'ana. "Amayi ndi amene anawanyengerera ababa kuti tibwere. Mukanangoti pepani, bambo a Fanesi. Ine ndikanazira mawa lomwe."

Basi inabwera, sutikesi inakwezedwa pamwamba.

Mlandu wa bondo unadya mbuzi, ankhoswe anapita kwa Malemia maulendo anayi, ndipo akazi anga anabwerera patatha chaka chathunthu. Chaka chonsecho nyumba ndinkazira ndekha, amayi a m'mudzi akundilangiza ali pawindo. Ntchito imene ija imathyola msana, abale. Amene akunyoza mozira mwa mnzake ayambe wagwira dothi. Fanesi anachoka ali kumsana, anabwera akuthamanga. Tsiku limene anayamba kuyenda ndinangolimva kwa ena, ndipo atandiona anabisala kumbuyo kwa amake.

Phunziro ndinalitenga, sindikana. Komabe chilungamo chinenedwe: pofewa panali pofewa.