Makina Osendera Waya a ku Jubeki

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma popeza mkazi wanga amaifotokoza paukwati uliwonse, bola ndiinene ndekha.

Matipate atangoyamba kumene, ine ndinali mmisiri wa zamagetsi ku Kawale. Zida zanga zinali tesita, pulayazi yobuntha ndi mano. Waya ndinkasenda ndi mano, pulasitiki n'kulavula ngati makoko a mtedza.

Nthawi imeneyo ndinali pachibwenzi ndi Tiwonge. Bambo ake, a Gondwe, mkulu wa mpingo wochokera ku Mzimba, ankamanga nyumba ku Area 25 ndipo ankafuna woika mawaya. Ndinadziwa kuti awa ndi mayeso: ndikalakwa, za Tiwonge ndiiwale. Tsoka ilo, tsiku loyamba lomwe anandipeza waya ali kukamwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananena mwaulemu kuti nyumba yawo sikufuna mmisiri wa mano.

Apa m'pamene ndinadzikola ndekha. Ndinawauza kuti ndimangosewera, kunyumba ndili ndi makina a otomatiki, odula ndi kusenda waya okha. Chinthucho ndinali nditangomva mbiri yake, kuchiona ayi.

M'mawa mwake ndinathamangira kumsika waukulu, kwa ogulitsa zitsulo zakale. Wogulitsa anandionetsa kachida ka zogwirira zofiira, akuti ndiko kosendera waya. Ndinakanyoza. Kanthu kokwana m'thumba kangagometse apongozi? Maso anga anagwera pa chopanira chachikulu, chonyezimira, cholemera ngati nkhwangwa. Iye anati ntchito yake saidziwa, koma chinachokera ku Jubeki. Ine ndinamuuza kuti imeneyo ndiye heavy duty yake, ndipo ndinamuphunzitsako pang'ono za magetsi ndisanachoke.

Loweruka a Gondwe anaitana akulu a mpingo anzawo awiri kuti adzaone zamakono. Tiwonge ndi mayi ake anaima pakhomo. Ndinavundukula chitsulo changa m'thaulo, ndinaikapo waya, n'kupana mwamphamvu. Waya anangophwatalala, pulasitiki osasendeka. Ndinayesa kachiwiri, kachitatu, thukuta lili kamukamu. Ndinati chikungofuna adjustment pang'ono.

Mmodzi wa akuluwo anayamba kutsokomola, mapewa akugwedezeka. A Gondwe anandilanda chitsulocho n'kumachitembenuza ngati akumana ndi mnzawo wakale.

"Aphiri, musachivutitse, chikugwira bwino ntchito ichi," anatero. "Chimaphwanya zam'kati, chikopa osachiboola."

"Eya Bambo, ndi model yatsopano."

"Kwathu ku Mzimba timathenera ng'ombe."

Mayi a Tiwonge anathawira kuseri kwa nyumba, koma phwete lawo linamveka mpaka kumsewu. Tiwonge anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndinkangolakalaka wina atandigwiritsa waya wamoto kuti nkhani ithere pomwepo.

Nyumbayo ndinaimaliza ndi mano omwe aja, a Gondwe atakhala pampando akuonerera. Tsiku loyatsa, mababu onse anayaka, ndipo pasanathe chaka anandipatsa mwana wawo.

Ukwati utadutsa ndinapita kukapempha chitsulo changa, poti mwina ndikanachigulitsa kwa alimi. Ndinachipeza atachipachika pamsomali pabalaza, moyang'anana ndi mpando wa alendo.

"Chikhala pomwepo, apongozi," anatero akumwetulira. "Inu muzingomusamala bwino mwana wangayo."

Zaka zonsezi Tiwonge sindinamukalipirepo ngakhale tsiku limodzi!

Pogula chida, abale, muziyamba mwafunsa kuti chimapana chiyani.