Tsiku limene ndinaphimba sinema ku Festival City

Lemba, Mwanaisha, usandiyang'ane kukamwa. Ulembe kuti agogo ako anatulutsidwapo mu sinema ku Dubai, atagwidwa pamkono ngati wakuba nkhuku.

Nthawi imeneyo ndinkalera ana awiri a madamu ena ku Al Rigga, Mariyamu ndi kamlongo kake. Kunabwera filimu yakalekale ya zidole zojambula pamanja, yoimbaimba ija. Ine ndinali nditaionera kwa bwana wanga woyamba, mzungu, mpaka kuiloweza. Ndiye madamu akuti, “Yalla, pitani nawo ku Festival City. Koma apongozi anga akamva kuti ana aona zopsompsonana, khalas, basi, ine sindikuikirani kumbuyo.” Apongoziwo ndi amene ankasaina viza yanga (dzina lawo usalembe, ali moyo).

Ine mumtima: mayi, mwapeza munthu wake. Malo ake ndinkawadziwa. Mbalame zikangomaliza nyimbo, mnyamata wachifumu amagwada, kenako mlomo pamlomo.

Kwathu ku vidiyo shoo zikafika zotere umangophimba mwana kumaso ndi dzanja. Koma kamlongo kaja kankaluma. Ndiye mbalame zitayamba kuimba ndinadzuka, kumasula chitenje chapamwamba, kuchitambasula kutsogolo kwa ana ngati ndikuyanika. (Zoti kumbuyo kulinso anthu olipira, mutu sunandiuze.)

Mariyamu kulira. Bambo wina kukuwa m'Chiarabu, mayi wachimwenye kundigenda ndi popukoni. Ine nji! Ndikusuzumira pamwamba pa chitenje kuti akangomaliza ndikhale pansi. Mnyamata wagwada. Kuphethira kamodzi, ukwati uli mkati, anthu akuvina! Ndinati ayi, zopsompsonana zija azisunthira kutsogolo amenewa. Mikono ikuwawa, koma osatsitsa.

Kunabwera mnyamata wa tochi, wa ku Chipata.

“Amai, muchita chani imwe?”

“Ndikudikira apsompsonane, mwanawe.”

“Aa, kuno anajuba kudala ivo! Boma iyamba yatamba filimu, vonse va so ichosa. Tiyeni panja.”

“Boma limayamba laonera? Anadula liti, osatiuza ife olera ana?”

Anangondikoka pamkono. Ana mathero sanawaone.

Tsono ndinaiwala kuti Mariyamu Chichewa ankamva, ndinamubereka kumbuyo kuyambira ali khanda. Tikungolowa m'nyumba, Mariyamu kuthamangira kwa agogo ake, kumasulira zonse m'Chiarabu: “Akuti amadikira apsompsonane! Kupsompsonana kwake kotani?” Boma linadula bwinobwino, ine ndi pakamwa pangapa ndinabwezeretsa.

Apongozi aja anandiitanira kuchipinda, madamu akutanthauzira. Ine mumtima ndinati ntchito yatha, koma sindipepesa, ndinaima pantchito yanga. Apongoziwo akuti chitseko chitsekedwe.

“Tandiuzani bwinobwino. Anadulapo chiyani kwenikweni? Ine filimu imeneyi ndinaionera ndili mtsikana, ndinkangodabwa ukwati wabwera bwanji.”

Ndinafotokoza, mpaka kugwada ngati mnyamata uja, bondo kulira. Akuti ndibwereze, sanamve bwino. Viza anasaina mawa lake. Ulembenso kuti zoimirira mu sinema ndinasiya. Masiku ano ndimayamba ndafunsa wa tochi pakhomo ngati anadula kale.