Sayansi ya Tadala ndi Mbatatesi za Apongozi

Lolemba

Ndagula kope latsopano. Pachikuto ndalemba zilembo zikuluzikulu: SUKULU YA PAKHOMO, GAWO LA SAYANSI.

Mphunzitsi wamkulu: ine.
Wophunzira: Tadala, mwana wanga, zaka zisanu ndi ziwiri, Sitandade 2.
Chifukwa chake: mtengo wa mapichesi. Anakwera, anatsika mofulumira, pano mwendo wakumanzere uli m'chikhakha. Adokotala akuti asauponde pansi masabata asanu ndi limodzi. Sukulu ili kutsidya kwa dambo, ndipo njinga tilibe.

Amake Tadala, asanapite kukagulitsa kabichi pa Nsipe, andipatsa malire. Akuti pofika Lamulungu ngati mwana sanayambe kuphunzira chinthu chooneka, akamusiya ku Bwanje kwa mng'ono wawo Esinati, amene ndi mphunzitsi ndipo nyumba yake inagundana ndi kalasi. Akakhala komweko mpaka teremu itathe.

Ku Bwanje! Kotentha kuja, kwa udzudzu wonenepa ndi mpunga! Ndiye ine ndizitsala ndi ndani? Chithereni ntchito ku Lilongwe n'kudzakhala kuchikamwini kuno, munthu amene amandifunsa maganizo anga ndi Tadala yekha. Ena onse amandifunsa ngati ndamangirira mbuzi.

Sapita mwanayu. Chichewa ndi masamu amake azimuonetsa akaweruka. Sayansi ndi yanga. Koma munthu wa Fomu 4 sayamba zinthu chisawawa. Choyamba n'kusankha silabasi.

Lachiwiri

Masilabasi atatu patebulo:

1. Ya pa foni, yochokera kunja. Zithunzi zokongola, ana ovala magalasi, aliyense mano panja.
2. Buku la a Ndau, aphunzitsi opuma a kuseri kwa tchalitchi. Chiswe chinadya mitu itatu yoyambirira. Likuyambira pakati pa chule.
3. Kope la mnzake wa Tadala, zimene akulemba kusukulu teremu ino. Tsamba loyamba: mizu, tsinde, masamba. Basi? Mwana wobadwira ku Lilongwe azitchula masamba?

Nambala 3 ndaitseka pomwepo, ndatsamiritsira mwendo wa tebulo umene umagwedera.

Ya pa foni ndaiwerenga mofatsa. Sabata yoyamba: tulukani panja, mutape chisanu choyera chija chimagwa kwa azungu, muike m'kapu, muone chikusungunuka. Ndatuluka panja. Kuli fumbi ndi nkhuku. Sabata yachiwiri: tsegulani furiji. Sabata yachitatu: pitani kunyumba yosungirako mafupa a nyama zakale ya m'dera lanu. M'dera lathu mafupa amasunga ndi agalu.

Tadala ali pamphasa pakhonde, chikhakha pa pilo. Akufunsa chifukwa chake nyerere zikakumana zimagundanitsa mitu. Ndamuuza adikire, tizilombo tili mu sabata yachisanu ndi chinayi, komanso sindinatsimikize ngati titsate silabasi imeneyo.

Apongozi anga, amayi awo a amake Tadala, amakhala nyumba yoyang'anana nafe. Mwa mwambo sitiyankhulana maso ndi maso. Iwo akatulukira uku, ine ndimakhotera uko. Akakhala ndi mawu amauza nkhuku, mokweza ndithu. Lero nkhuku zauzidwa kuti: "Kudimba anyezi akuuma, koma musadandaule, anthu ali pa sayansi."

Nkhuku sizinayankhe.

Lachitatu

M'mawa wonse ndajambula mizere ndi rula. Silabasi iliyonse ndikuipatsa malikisi pa izi: kuzama, zithunzi, zipangizo, ulemu umene ingandipatse pamudzi. Ntchito yooneka bwino kwambiri. Ndaibwereza kawiri chifukwa mzere wina unapindika.

Ndalowa gulu la pa foni la makolo ophunzitsa ana pakhomo. Mayi wina akuti mwana azitsogolera yekha maphunziro ake. Bambo wina akuti mwana akatsogolera ndiye kuti nyumba yatha. Atukwanizana mpaka bandulo yanga yathera pomwepo.

Tadala akufunsa chifukwa chake mkati mwa chikhakha mukuyabwa pomwe mulibe chalowamo. Thupi la munthu lili m'buku la a Ndau, koma gawo lomwelo ndi limene chiswe chinakonda. Ndamupatsa kamtengo azikandira.

Ndatsikira pa Nsipe kukagula bandulo ina. Ndikutsegula sabata yachinayi ndili chiimire pamsewu, mtima phaa! MAGETSI A MBATATESI. Abale, mbatatesi! Silabasi yakunja yaidziwa Ntcheu tsopano!

Zofunika: mbatatesi, misomali, waya wa kopa, kababu ka tochi.

Nditawafotokozera, a Saidi a sitolo ya zitsulo andiyang'ana nthawi yaitali asanakulunge misomali. Akuti: "Bambo, mbatatesi ikanakhala ndi magetsi, bwenzi Ntcheu ikuwala mpaka ku Mozambique." Ndawakhululukira. Si onse anakhalako ku tauni.

Madzulo amake afunsa Tadala chimene waphunzira lero. Mwana wayankha kuti adadi akusankha. Amake andiyang'ana, kenako ayang'ana kalendala.

Lachinayi

Tsiku lalikulu!

Sindine munthu wowononga. Mbatatesi zabwino zili m'thumba, n'zogulitsa, sindinazikhudze. Koma m'kachipinda ka kuseri muli zina zoyalidwa pansi pa masaka: zofota, zobiriwira, zotuluka nyanga mbali zonse. Zoiwalika, zachidziwikire. Anthu akumudzi kusunga zinyalala! Ndadzaza beseni.

Tadala ndamukhazika pampando ngati bwana. Ntchito yake kuthothola nyanga zija kuti mbatatesi zioneke ngati za pa chithunzi. Ntchito yanga kudula pakati, kubaya msomali uku, waya uku.

Mbatatesi zinayi: babu zii.
Khumi ndi ziwiri: zii.
Foni ikuti onjezerani. Ndaonjezera.
Beseni lachiwiri: zii.

Waya wazungulira khonde lonse, wadutsa pansi pa mpando, wakola mwana wa nkhuku. Tadala akuseka mpaka misozi, akugwira kababu m'manja awiri, akukauzira, akukanyengerera kuti kayake. Chithyokereni mwendo sanasekepo chonchi. Sindibisa, ndasangalala kwambiri. Ndadzimva kuti ndine bambo wa munthu.

Titadula yomaliza, akupukuta m'maso n'kunena: "Adadi, koma agogo adzala chiyani? Izi si mbewu zawo?"

Ndamufunsa chifukwa chake sananene poyamba. Akuti amayesa ndikudziwa, poti ndine mphunzitsi wamkulu.

Apongozi abwera kuchokera kudimba dzuwa likupendeka. Aima pabwalo. Ayang'ana khonde, ayang'ana mulu wa nyanga, alowa m'kachipinda, atuluka. Ine ndili kuseri kwa chitseko, ndikuonera pa mng'alu.

Lero nkhuku sanaziuze kanthu. Ndikuopa.

Lachisanu

Zimene ndaphunzira m'mawa uno kwa amake Tadala, popanda silabasi:

- Mbatatesi yofota yotuluka nyanga ndiye mbewu.
- Nyanga zija ndi mphukira. Zimatenga miyezi kuti zituluke.
- Apongozi anakazitenga okha ku Tsangano, mtundu wofiira umene amaukonda ogula a pamsewu.
- Mvula ili pafupi.
- Ndine munthu wotani kodi?

Funso lomalizali sanadikire yankho.

Ndikufuna kupepesa, koma mkamwini sangangodzuka n'kukagogoda kwa apongozi. Amake Tadala aitanitsa ankhoswe, a Zuze, malume awo. Abwera ndi jekete, kutentha konseku. Ine ndakhala pakhonde. Apongozi akhala kuseri kwa nyumba. A Zuze akuyenda pakati, uku ndi uku, atanyamula mawu.

Ndafotokoza bwinobwino za mphamvu yobisika m'madzi a mbatatesi, za kopa, za msomali. Ndatenga mphindi zambiri. A Zuze agwedeza mutu, apita kuseri, ndikuwamva: "Akuti amafuna magetsi."

Abwerako. "Akuti ayaka?"

Ndati sanayake, koma pa sayansi kulephera nakonso ndi zotsatira.

Apita. "Akuti sanayake."

Kenako chigamulo chabwera ndi a Zuze: mawa ndipite ku Tsangano ndikapeze mbewu ina, yophuka kale. Mizere ya munda wonse ndiunga ine. Misomali ndizule, mbatatesi zodulazo zipite kwa nkhumba za a Zuze. Pa mfundo yomalizayi ndikukayika ngati inachokeradi kuseri.

Masana amake a mnzake wa Tadala abwera kudzatenga kope lija. Ndalisolola pansi pa tebulo, ndalipukuta, latseguka lokha. Tsamba lachinayi: chithunzi cha mbatatesi ya nyanga, chojambula mwana ndi pensulo, muvi ukuloza, pansi palembedwa MBEWU. Aphunzitsi anachonga ndi cholembera chofiira.

Tebulo layambanso kugwedera.

Loweruka

Ku Tsangano pamwamba pa lole, pakati pa matumba a feteleza ndi mayi wina wa nkhuku zitatu. Fumbi m'mano, m'makutu, m'thumba la malaya.

Mbewu yophuka nyengo ino aliyense akuisungira munda wake. Khomo loyamba akana. Lachiwiri akana. Lachitatu afunsa kuti yanga inatani, ndipo ine wopusa ndanena zoona. Pofika khomo lachisanu nkhani yandipitirira, ana akundilozera kuti a magetsi aja ndi awa. Bambo wina wandigulitsa theka la thumba, wachita kunena kuti akundimvera chisoni. Wandilangizanso kuti ndisazibaye.

Pa lole pobwerera ndaganiza mofatsa. Ya pa foni ili ndi mavuto. Ya a Ndau ilibe mutu. Mwina njira n'kuphatikiza, n'kulemba yangayanga yogwirizana ndi dera lino. Masabata awiri okha ndikhoza kumaliza.

Ndafika dzuwa lisanalowe. Pachingwe payanikidwa zovala za Tadala. Zonse. Yunifolomu, diresi la kutchalitchi, ngakhale juzi, ngati ku Bwanje kumazizira. Chikwama chili pakhomo, chotsegula.

Ndayesa kudandaula mlandu. Ndati Lachinayi linali phunziro lathunthu, lokhala ndi zipangizo. Amake aitana Tadala anene chimene anatolapo. Mwana waganiza kaye, pofuna kundithandiza, n'kunena kuti mbatatesi siyatsa babu.

Amake akuti: "Zimenezo kuno timazidziwa kale, bambo a Tadala." Sanakweze mawu. Akupinda zovala.

Ndakwiya, koma ndikusowa womukwiyira. Ndakamangirira mbuzi, zomwe zinali zomangirira kale.

Lamulungu

Misa yoyamba, kenako ulendo. Amake anyamula chikwama pamutu. Ine ndabereka Tadala kumsana mpaka pa Nsipe. Chikhakha chikundimenya m'nthiti phazi lililonse. Mwana walemera, sindinadziwe kuti wakula chonchi.

Ndakonzeka kuti chilichonse afunse lero ndiyankha pomwepo, kaya ndikudziwa kaya ayi. Tadutsa dambo, tadutsa chigayo, tadutsa pamene akuwotcha njerwa, utsi uli tolotolo. Ndachita kuyenda pang'onopang'ono. Njira yonse sanandifunse funso ngakhale limodzi. Wangotsamiritsa chibwano paphewa langa.

Minibasi ya ku Balaka yaima, akasinthira ina kutsogolo. Kondakitala wawapatsa mpando wakutsogolo chifukwa cha mwendo. Amake akuti abwera mawa, ndiwo zili mu mphika, ndisakhudze chilichonse cha m'kachipinda.

Tadala watsegula windo. Sakulira. Akundiyang'ana ngati ine ndiye wodwala.

"Adadi, mukasankha mundiimbire pa foni ya anti."

Ndati eya. Minibasi yanyamuka.

Ndabwerera wapansi, njira yomweyo. Teremu itha mu Disembala. Kumsana kwapepuka, ndipo sindikukondwa nazo.