Mgolo wa ku Namwera

Aliyense amene anakwerapo lole ya malemu Che Wahabu a ku Chiringa adzakuuzani kuti pa lole imene ija munthu unkalipira kuti ukankhe. Mkulu ameneyu ankaumira petulo kuposa mmene mayi wa ana ambiri amaumirira mchere. Msewu ukangopendekera kumunsi pang'ono, ngakhale kupendekera koti nkhuku singakuzindikire, iwo injini zii, lole nkumatsetsereka mwakachetechete ngati yaba. Ikafika pa chitunda ankasuzumira kumbuyo.

"Abale anga, tsikani muwongole miyendo. Poti mwatsika kale, tagwirani kumbuyoko."

Loleyo anaigula kwa Mmwenye wina wa ku Limbe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, nthawi imene petulo ankasowa ngati mankhwala. Kusowako kutatha anthu ena anaiwala. Che Wahabu sanaiwale ayi.

Amene ankavutika nazo kwambiri anali Jonasi, mnansi wawo, Mlomwe wa kutchalitchi amene anaphunzira kuyendetsa galimoto ali msilikali. Iye ankadziwa mmene galimoto imafunira, choncho ulendo uliwonse wopita kumsika wa thonje mtima unkamuwawa.

"Che Wahabu, mudzatipha inu. Kutsetsereka injini ili chizimire, mabuleki akakana?"

"Akakana tidzafika msanga, Che Jonasi."

"Nanga pachitunda apa bwanji osaponda mafuta?"

"Kumtsetse dziko limakoka lokha. Kuchitunda kuli inu. Petulo ndi wa pakatipa basi."

Chifukwa cha kuumiraku sichinali chobisika. Kuseri kwa kantini yawo kunali mgolo, ndipo petulo aliyense wopulumuka pa ulendo ankamupopa ndi paipi nkumuthira mmenemo. Che Wahabu kuno anali mkamwini. Kwawo kunali ku Namwera, kumene anachoka wapansi ali mnyamata atasenza kamtolo ka nsalu zogulitsa. Anasiyako mlongo wawo Adija, amene anawalera mayi awo atamwalira, ndipo tsiku lochoka anamulonjeza kuti adzabwera pa galimoto yawoyawo, adzamukweze kutsogolo, azungulire naye mudzi. Adija anaseka mpaka kugwira nthiti. Mgolo ukadzadza, ankatero Che Wahabu, tidzaona amene adzaseke.

Ndiye petulo wa pakatipayo nayenso ankamupenyetsetsa. Zitseko za lole anazichotsa, ati zimalemera. Asananyamuke ankauza aliyense kuti ayambe wapita kuthengo. Bambo wina wamimba wogula fodya, dzina lake Sitima, ankamulangiza kuti akadye akafika. M'chigwa cha Phalombe mphepo ikamachokera kutsogolo ulendo unkaima, anthu nkukhala pansi pa mtengo kudikira kuti itembenuke. Ikamachokera kumbuyo ankasankha amuna awiri aatali kuti aimirire atatambasula mphasa, ndipo ankalumbira kuti lole yapepuka.

Pakhomo pawo panali chulu chachikulu. Anthu ena chulu amaumba nacho njerwa, koma iwo anachisalaza pamwamba nkumagonekapo lole, kuti m'mawa angochotsa mwala kutayala, itsetsereke, injini idzuke yokha. Tsiku lina mbuzi inadzikanda pa mwalawo. Lole inanyamuka yopanda munthu, inadutsa bwalo, nkukaima pakati pa munda wa nandolo wa Jonasi. Jonasi anafika atapsa mtima, nkupeza Che Wahabu akuyang'ana chulu, akuyang'ana lole, nkhope ili mwee.

"Taonani, Che Jonasi! Mtunda wonse uwu popanda dontho!"

Ya Violet, mwana wa mlongo wake wa Jonasi, ndiye anthu amaikambabe. Ukwati wake unali ku Mulanje, ndipo pa mpata wa Fort Lister mkwatibwi anatsika ndi anzake, nkukwinya diresi loyera, nkukankha. Pofika kutchalitchi onse anali atafiira ndi fumbi mofanana, moti apongozi anachita kufunsa kuti mkwatibwi ndi uti. Jonasi anatha mwezi osawapatsa moni. Koma mkwiyo wake pa mkulu ameneyu sunkachedwa, chifukwa pokankhapo Che Wahabu nawonso ankatsika, dzanja lina pachiwongolero, phewa pa lole, thukuta kamukamu.

Mgolo ankauyeza ndi bango Lachisanu pochokera kumzikiti. Chilimwe china anapeza kuti petulo watsika, nkuyamba kukayikira mudzi wonse.

"Palibe wakuberani," anatero Jonasi. "Petulo kukatentha amauluka."

"Ndiye wakuba ndi dzuwa?"

Mlungu womwewo mgolo unamangiridwa kanyumba kaudzu kozizira bwino kuposa kamene ankagonamo Abiti Amidu, akazi awo. Abiti Amidu ankauza anzawo kuchitsime kuti ali pa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi mgolo.

Mu 1949 mgolo unali utatsala chikhatho chimodzi kuti udzadze pamene mvula inakana. Nkhokwe zinauma. Kunamveka kuti chimanga chikufika pa sitima ku Luchenza, koma chokatengera panalibe, ndipo ana a Jonasi anali atayamba kutupa mapazi. Jonasi sanapemphe, ankadziwa kuti mgolo uja ndi wa ndani. M'mawa wina anamva kulira kwa chitini kuseri kwa kantini. Anapeza Che Wahabu akutunga mumgolo kuthira mu thanki, nkhope ngati ali pamaliro.

"Musandiyang'ane, Che Jonasi. Gwirani paipi."

Anayenda maulendo a ku Luchenza mpaka mgolo unayamba kulira ngati ng'oma ukaugogoda. Chaka chimenecho palibe anauzidwa kuti akankhe, poti anthu analibe mphamvu. Lole inkakwera zitunda ikubangula, Che Wahabu akubuula nayo limodzi.

"Nanga ku Namwera?" anafunsa Jonasi njala itatha.

"Adija amadziwa kudikira."

Che Wahabu anayambiranso kudzaza mgolo, ndipo ulendo uno anaumira moposa kale. Zaka zinapita, ndevu zinachita mbuu. Lachisanu lina anaitana Jonasi nkumuonetsa bango litanyowa mpaka pamwamba. Ankaseka ngati mwana. Anagulira Adija nsalu, anatuma uthenga kudzera mwa wamalonda wina kuti Idi ikangotha akubwera. Idi isanafike chifuwa chinawagwira, ndipo mbandakucha wina anatisiya.

Shehe anati maliro sachedwa, manda akumbidwe konkuno. Jonasi anali Mkhristu, pa nkhani imeneyi analibe mawu, koma anaimirira chipewa chili kumanja.

"Pepani akuluakulu. Munthuyu tamukankha zaka zonsezi kuti akafike kwawo. Ndiye alekere panjira?"

Kenaka Abiti Amidu anayankha ali m'nyumba. "Mgolo wadzadza. Apite."

Shehe analola, bola akafike dzuwa lisanalowe. Anakweza jeneza, chithatha chonyamulira maliro, anakweza mgolo, anthu anadzaza lole, Jonasi nkukhala pachiwongolero. Anawauziratu kuti lero palibe zokankha, petulo alipo wambiri ndipo nthawi ndi yochepa. Koma atafika pa chitunda choyamba anamva wina akumenya denga. Anali Sitima, yemwe uja ankadandaula kuposa onse.

"Imani, a Jonasi. Mkuluyu akamva injini ikulira chonchi pachitunda adzuka."

Anthu anaseka misozi ili m'maso, nkuyamba kutsika okha. Asilamu ndi Akhristu omwe, Violet ali pomwepo mwana ali kumsana, onse anagwira kumbuyo kwa lole. Jonasi, amene moyo wake wonse ankatsutsa khalidwe limeneli, anazimitsa injini. Sankaona bwino msewu chifukwa cha misozi.

Anafika ku Namwera dzuwa litapendeka, ndipo anawaika madzulo omwewo. M'mawa mwake Adija anabwera akuyenda ndi ndodo, maso atachita khungu. Anaipapasa lole kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Ndi yakedi imeneyi?"

"Ndi yawo, amayi."

"Zitseko zili kuti?"

"Zinkalemera."

Adija anaseka mpaka kugwira nthiti, kenaka anakhala pansi nkulira. Atatonthola, Jonasi anamufunditsa nsalu ija, nkumukweza kutsogolo, nkuzungulira naye mudzi. Pa mtsetse wopita kudambo dzanja lake linapita lokha pa kiyi.

"Yafa?" anafunsa Adija.

"Ayi, amayi. Ndi mmene ankayendetsera achimwene anu."

Ku Chiringa malole anachuluka pambuyo pake, a zitseko zonse, obangula kumtsetse ndi kuchitunda komwe. Munthu unkakwera, nkufika, nkutsika, osadziwa ngakhale dzina la amene wakhala naye pafupi. Anthu ankafika msanga, koma ulendo unalibe nkhani yokakamba kunyumba. Chulu chija chiswe chinachimanganso mpaka nsonga. Jonasi anapitiriza kudzala nandolo m'munda uja mpaka ukalamba wake, koma mzere umene lole inadutsa ankausiya wosadzala, ndipo ana akamufunsa ankangoti pamenepo ndi pa msewu wa Che Wahabu.