Ndinasita Nyimbo ya Achimwene

Sindikonda kulankhula zambiri. Koma nkhani iyi anthu akuikamba kale pa msika wa Entre Lagos, ndipo akuthirako mabodza. Bola muimve kwa mwiniwake. Sinathe bwino.

Ine ndimagulitsa nsomba zouma. Ndimagula ku Chiuta, ndimapalasa njinga, ndimagulitsa. Koma ndili ndi matenda ena: ndimatolera zimbale zakale, zakuda zija, zimene kuno timati madisiku. Osati za kwaya kapena za dansi. Za anyamata a ku migodi ya ku Zambia, a tsitsi losapesa, amene akuti gitala yawo inkalira ngati galu wokodwa mu msampha. (Ndikuti "akuti" chifukwa ndinali ndisanamvepo ngakhale chimodzi. Choimbira ndinalibe.)

Anayambitsa ndi achimwene anga, malemu. Anapita ku migodiko ali mnyamata, n'kulowa gulu loimba. Pa chimbale china anawalola kuimba nyimbo imodzi yokha, yoyambirira, ya m'mphepete. Atabwerako nkhondo inafika kuno, tinathawira ku Malawi ine ndili mwana. Gilamafoni anaisiya, chimbalecho anachibisa m'malaya. Atamwalira chinabwera kwa ine. Kuyambira pamenepo, ndikapeza china m'midzi ndimasinthanitsa ndi nsomba za makumba. China ndinachipeza akuvundikirira mphika. China chinali pa nsungwi m'munda wa mpunga, chikuopseza mbalame.

Alamu anga, a Rozita, anakwatiwa ndi achimwenewo kumsasa wa othawa nkhondo. Nyimbo ija sanaimvepo. Chaka chatha anayamba kutupa miyendo, kuchipatala anawabweza.

"Alamu, ndimve mawu awo kamodzi, basi," anatero. "Nkhope ndayamba kuiwala."

Ndinafunsafunsa mpaka ndinamva za a Dinisi, profesolo, ndiye kuti mphunzitsi, wa ku Cuamba, odwala matenda angawa. Iwo ali ndi choimbira cha batire. Pa foni anati abwera Loweruka.

Sabata yomweyo kunagwa mvula yamphepo. Denga linadontha pomwe panali katoni ya zimbale. Ndinazipeza zitanyowa, mapepala ake atamata, matope ofiira ali paliponse. Mlendo ali m'njira. Manyazi.

Ndinazitsuka. Mpaka apa mlandu palibe. Kenako ndinaganiza ngati munthu wa nsomba: chonyowa chimaola, mankhwala ake ndi dzuwa. Ndinaziyala pa thandala, pambali pa matemba. Dzuwa lotuluka mvula itakata mumalidziwa ukali wake. Ine ndinapita kuseri kukamata tayala la njinga.

Mkazi wanga anandipeza komweko.

"Bambo a Joni, mbale zanu zija zikudzuka."

"Zikudzuka bwanji?"

"Bwerani muone. Ine sindinazikhudze."

Zinali zitapindika ngati chikopa cha mbuzi chouma. China munthu akanatha kumweramo thobwa. Cha achimwene chinali chitatukuka mbali imodzi yokha.

Wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinati chopindika chimawongoka. Ndinachipsinja ndi thumba la chimanga. Sichinamve. Ndinakhalapo ndekha. Chinalira pang'ono, ndinadzuka msanga. Ndiye ndinakabwereka simbi ya makala kwa telala.

"Mukukasita chiyani inu, amene malaya simusita?" anafunsa telalayo.

"Ingondipatsani."

Ndinayala chitenje pamwamba pa chimbale, ndinasita m'mphepete monse. Fungo linali la tayala lopsa. Nditachotsa chitenje, m'mphepetemo munali mosalala ngati galasi. Timizere tonse tinali titafufutika. Ndinaona kuti chawala bwino, mwina kuposa chatsopano. (Kuti nyimbo imakhala m'timizere timeneto, ndani anandiuzapo?)

Loweruka a Dinisi anatsika shapa, minibasi ya kuno, atakumbatira choimbira chawo ngati khanda. A Rozita ndinakawatenga pa njinga, tinawakhazika pa mkeka. Anali atamanga mpango wawo wa kutchalitchi.

A Dinisi anatola chimbale chapamwamba, chomweramo thobwa chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi.

"Madala, mwazitani zimbalezi?"

"Ndinaziyanika."

"Pa dzuwa?"

"Nanga munthu amayanika pa chiyani?"

"Ichi ndakhala ndikuchifuna kuyambira ndili pa sukulu. Ndinkangomva kuti chilipo." Anakhala pa mtondo osafunsa mpando.

"Ikani cha amuna anga," anatero a Rozita.

Anaika. Singano inatera posalala paja, inatsetsereka osatulutsa mawu, n'kukakodwa mkati, pa nyimbo yachiwiri. Chimbale chinkazungulira, singano ikukwera ndi kutsika ngati bwato pa mafunde. Gitala inalira. Za galu zija sanananame. Ndinafunsa ngati kulirako kukuchokera pa kupindika.

"Theka ndi oimbawo," anatero a Dinisi. "Theka ndi inuyo."

Mkazi wanga anaseka, kenako anaona nkhope ya a Rozita, n'kulowa m'nyumba.

A Rozita anamvetsera mpaka mapeto, atatseka maso. Anali magitala ndi ng'oma zokhazokha, penapake munthu wina akubuula m'Chingelezi.

"Nanga iwowo ayamba nthawi yanji kuimba?" anafunsa.

A Dinisi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nkhuku. Koma nkhuku siyankhira munthu mlandu.

"Alamu, nyimbo yawo ndinaisita."

Sanalire. Sanandinyozenso. Anamasula mpango, anaupinda bwinobwino pa mwendo.

"Nkhondo inachilephera chimbale chimenechi," anatero. "Ndibwezeni kunyumba."

Ndinawakweza pa njinga. Ndinkangomva dzanja lawo litagwira malaya anga, lopepuka. Anamwalira chimanga chisanache. Pa maliro anthu ankandipatsa moni bwinobwino, koma ndikadutsa ndinkamva wina akunong'ona kuti wosita uja ndi ameneyo.

A Dinisi anati afufuza chimbale china chonga chomwecho. Amaimba foni nthawi zina. Sanachipeze. Akadzachipeza, womvera adzakhala ine, amene sindinapemphe.

Kutolera sindinasiye. Dzulo lomweli ndapeza china ku Amaramba, pa khola la nkhunda, chodzaza zitosi. Ndachikhazika pa mthunzi momwemo. Chikununkha nyumba yonse, mkazi wanga akudandaula. Chinunkhe. Chimene sukuchidziwa, chisiye ndi litsiro lake.